Mgolo Wachiwiri

Chaka chimene msewu wa ku Tete unatsekeka ndi mabomba okwirira, ife tinali titathawa kale kwathu ku Chipera, tikukhala ku vila, katauni ka boma, m'kanyumba ka udzu kuseri kwa sukulu. Tinali atatu: ine, mwana wanga wamkazi amene anali atangoyamba kuyenda, ndi achimwene anga, malume ake a mwanayo. Bambo a mwana anatengedwa ndi anthu a m'tchire, zigawenga za nkhondo, kuti akawasenzere katundu, sanabwerere. Ndiye achimwene ndiwo anali zonse. Ndiwo anabereka mwana pothawa paja miyendo yanga itatupa, ndiwo anamanga kanyumbako, ndipo atawalowetsa m'milisiya n'kuwapatsa mfuti, ntchito yawo inali kulondera pista, bwalo la ndege lija la dothi lofiira kumunsi kwa vila.

Ndegeyo inali yaing'ono, ya motoro umodzi kutsogolo, mapiko pamwamba. Inkabweretsa mankhwala, n'kunyamula odwala amene anamwino athu awalephera. Woyendetsa anali mzungu wowonda, wofiira khosi, Chipwitikizi chake chothyokathyoka ngati changa cha kwarta kalasi, kalasi yachinayi. Mafuta a ndege amakhala m'mapiko, ndipo iye ankafika kwathu atazungulira kale malo ena, mapikowo atatsala pang'ono kuuma. N'chifukwa chake m'mbali mwa pista munali migolo iwiri ya mafuta ake, imene inabwera ndi magalimoto omaliza msewu usanatsekeke. Mafutawo anali a mtundu wa thambo, ife tinkangoti azulu.

Ife amayi tinkamuonerera tili chapatali. Asanathire chilichonse ankatapa pang'ono m'kagalasi, n'kukweza kudzuwa, n'kuyang'anitsitsa ngati akufuna mwala mumpunga, kenako n'kutaya pansi. Akathira, ankapitanso kunsi kwa phiko ili, kunsi kwa phiko ilo, kagalasi komweko, kutayanso pansi.

"Taonani mzungu akuthira nsembe," ankatero mayi wina wa ku Malowera. "Makolo ake amamwa gazolina."

Tinkaseka. Sindinkadziwa kuti akuyang'ana ngati m'mafutamo muli madzi.

Nyengo imeneyo kunalibe mchere. Amene sanadyepo masamba opanda mchere kwa miyezi sangamvetse zimene ndikunena. Ndiye tsiku lina achimwene anabwera ndi mchere wodzaza chipewa, tsiku lina sopo, ine osafunsa. Kunali anthu a njinga zamoto ochokera cha ku Zambia amene ankafuna gazolina, ndipo migolo ija ankalondera ndi achimwene. Ndinadziwa kuti akugulitsa mafutawo, komabe mcherewo ndinadya, mwana nayenso ananyambita.

Masana ena ndikuchapa matewera kuseri kwa nyumba, ndinamva achimwene akunong'onezana ndi mnzawo amene ankalondera naye.

"Madzi tinathira m'mgolo woyamba kuti udzaze aja mzungu awaona," anatero mnzawoyo. "Amatsikira pansi. M'kagalasi kake kaja amaoneka."

"Ndiye wachiwiriwu tisathiremo madzi. Tithiremo gazoliyo, dizilo wa m'talakita yakufa ija. Ameneyo amasakanikira, saoneka."

"Nanga motoro ukakana?"

"Mafuta ndi mafuta, iwe. Unauonapo motoro ukusankha ndiwo?"

Mnzawoyo anaseka, koma kuseka kwake kunali kochepa. Ine ndinapitiriza kuchapa.

Kenako mvula inagwa masiku otsatizana, nkhuni zonse kunyowa. M'mawa wina ndikuuzira moto, maso akuwawa ndi utsi, mwana atakhala pamphasa cha kumbuyo kwanga, achimwene analowa ndi botolo la azulu.

"Tachoka apo, chemwali, uuzira mpaka mawa. Taona mmene amayatsira anthu a ndege."

Anathira pankhuni. Pansi panali makala amoto amene sanawaone. Moto unakwera ndi mafutawo mpaka m'botolo, phuu, iwo kudzidzimuka n'kuliponya, ndipo linakagwera pamphasa. Sindikumbuka kuti ndinakuwa kapena ayi. Ndikukumbuka achimwene atagwada, akuthimitsa mwana ndi manja awo enieni, kamalaya kakusungunukira pachifuwa, mkono wamanzere wa mwanayo wonse khungu litasupuka.

Kwa anamwino tinanena kuti mwana wagwera pamoto. Anali bambo achikulire otopa, anatiyang'ana, anayang'ana manja a achimwene, sanafunsenso. Anatsuka, anamanga ndi nsalu zomaliza zimene anali nazo. Patapita masiku bala linayamba kununkha, thupi kutentha, mwana kukana bere. Anamwino anandiitanira panja.

"Mayi, pano ndilibenso chomuchitira. Ndauza a wailesi kuti ndege ikabwera atenge ameneyu kaye. Akafika ku chipatala chachikulu akhoza kupulumuka. Akakhala pano, ayi."

Ndiye ndinayamba kukhala ndi khutu kumwamba. Ntchentche ikadutsa ndinkadzuka.

Ndege inabwera dzuwa litakwera, mitambo ikusonkhana cha kum'mawa. Ndinathamangira ku pista mwana ali m'manja, chifukwa kumbuyo sakanaberekeka, nditamufunditsa nsalu yanga ya kapulana yonyowa monga anandiuzira anamwino. Anthu anali atadzaza kale. Akomandante a asilikali analipo, anamwino analipo, achimwene ndi mnzawo uja ali pa migolo, manja a achimwene atakulungidwa nsanza.

Woyendetsa anatsitsa makatoni, anasuzumira mwana, anapukusa mutu n'kunena kuti tifulumire. Anakwera pamwamba pa phiko ndi kamtengo kokhala ndi mizere, anakaviika m'bowo la mafuta, anakayang'ana, anapita phiko linalo chimodzimodzi. Kenako anapita pa mgolo woyamba ndi kagalasi kake. Atakweza kudzuwa, ngakhale ine ndili patali ndinaona: pamwamba azulu, pansi poyera.

"Madzi," anatero.

"Mvula," anayankha akomandante. "Yagwa kwambiri kuno."

Woyendetsa anayang'ana chitsekerero cha mgolo nthawi yaitali. Anapita pa wachiwiri. Anatapa, anakweza, anapendeketsa uku ndi uku. Munalibe madzi. Anagwedeza mutu kuti zili bwino, ndipo amuna anayamba kukunkhuniza mgolowo kupita pa ndege.

Mtima wanga, mayo. Ndinayang'ana achimwene. Ndinkadikira kuti anene okha, ndinkawapempha ndi maso, koma iwo anali atazyolika, akukankha mgolo ndi zigongono chifukwa manja anali osagwira. Mwina ankakhulupiriradi kuti mafuta ndi mafuta. Ine sindinkadziwa za motoro, mpaka lero sindidziwa zambiri. Chimene ndinkadziwa n'choti munthu amene amakana kadontho kamadzi sangalole gazoliyo wa m'talakita, ndipo m'ndegemo mukwera mwana wanga. Koma ndinkadziwanso zimene akomandante ankachita ndi munthu woba zinthu za nkhondo. Komanso ndikanena, mwina ndege siinyamuka n'komwe, mwana n'kufera pompano ine nditawapereka achimwene pachabe. Zonsezi zinkazungulira m'mutu, ndikuona akulowetsa chopopera m'mgolo, paipi ikukwera kuphiko, mnzawo wa achimwene akugwira chogwirira.

Sindikudziwa mmene ndinafikira pamenepo. Ndinangopezeka ndaima pamaso pa mzungu uja, ndavundukula mwana.

"Sinyoro," ndinatero m'Chipwitikizi changa chija, "mwanayu sanagwere pamoto. Anapsa ndi mafuta awa. Azulu. Analowa m'nyumba mwathu."

Anandiyang'ana, anayang'ana bala. Anakweza dzanja, wopopa uja anaima asanayambe.

"Mgolo uwu unatsegulidwa?"

"Unatsegulidwa."

"Anathiramo chiyani?"

Ndinayang'ana pansi, pa zala za kumapazi kwanga, kuopa kuti maso angapite okha kumene kunali achimwene.

Woyendetsa sanandikakamize. Anang'amba kapepala koyera pa katoni ya mankhwala, n'kukadula pakati. Pa kena anadonthezapo mafuta a m'phiko la ndege, pa kena a m'mgolo. Anaziika padzuwa, pamwamba pa mgolo. Ka m'phiko kanauma msanga n'kuyera ngati sikananyowepo. Ka m'mgolo kanatsala ndi banga lonona, ngati pepala lokulungira mandasi. Ananunkhiza, anatukwana m'chinenero chakwawo, kenako anauza akomandante kuti mafuta amenewa akanatikweza bwinobwino, motoro n'kudzapsa tili pamwamba pa mapiri.

Akomandante anatembenukira kwa ine. Anayankhula Chinyanja, mofatsa, ndipo kufatsako ndi kumene kunandiopsa.

"Mayi, mafuta a ndege analowa bwanji m'nyumba mwanu? Anayenda okha?"

Aliyense pa vila ankadziwa amene ndinkakhala naye.

"Musiyeni mlongo wangayo," anatero achimwene. Mawu awo anali otsika, osanjenjemera. "Ndine. Woyambawo tinathiramo madzi, wachiwiriwo gazoliyo. Iyeyu sakudziwa kanthu."

Asilikali awiri anawalanda mfuti n'kuwakhazika pansi pafupi ndi migolo. Mnzawo uja anali atazemba kale m'chigulu cha anthu. Ine ndinkafuna kupita pamene anakhalapo, koma anandikalipira.

"Ukuyang'ana chiyani kuno, chemwali? Yang'ana mwanayo. Pita, kwera!"

Koma kukwera kwake kunali kusanadziwike. Woyendetsa anabwereranso pamapiko ndi kamtengo kaja, anaviikanso, anakhala pansi pamthunzi wa phiko akuyang'ana mitambo, akuyang'ana kansalu kamphepo kamene kanali pamtengo kumapeto kwa pista. Anamwino anapita kukayankhula naye, anabwerera kwa ine.

"Akuti ku Tete sangafike. Mafuta ali nawowo angamufikitse ku Songo basi, ngati mphepo siimukana. Kumeneko chipatala chilipo. Akuti iye anyamuka ndithu, chifukwa ndege ikagona pano anthu a m'tchire adzaitentha. Koma inu sakukakamizani. Akuti musankhe nokha."

Ndinamva kutentha kwa mwana kudutsa kapulana yonyowa ija mpaka pamimba panga. Ndinati tikwera.

Anatsitsa zonse zimene zikanatsika, mpando wakumbuyo, zingwe, kabokosi kazitsulo, ngakhale kamtolo kanga ka ufa ndi poto. Anandikhazika kutsogolo pambali pake, anandimanga lamba, mwana pamiyendo. Asanalize motoro anandigwira paphewa kuti ndimuyang'ane, n'kuyankhula pang'onopang'ono ngati mphunzitsi wa kalasi yoyamba. Analoza phiko lakumanzere, analoza lakumanja, kenako kachitsulo kotembenuza kamene kanali pansi pakati pa mipando yathu.

"Timwa uku kaye, mpaka kuume gwa. Motoro utsokomola. Mwina uzima. Usakuwe, usandigwire dzanja. Nditembenuza ichi, tiyamba kumwa uku."

Ndinafunsa kuti bwanji osatembenuza usanazime. Anati safuna kusiya ngakhale kapu imodzi kumanzere, chifukwa potera akufuna otsala onse akhale mbali imodzi, osati pang'ono uku pang'ono uku, mbali zonse zosadalirika. Ndinamva. Koma kumva ndi makutu n'kwina.

Masiku onse ndegeyo ikanyamuka inkazungulira pamwamba pa vila, kukwera, kukwera, mpaka kuchepa ngati kabawi, kuti zipolopolo za m'tchire zisaifikire, kenako n'kumapita. Tsiku limenelo sinazungulire. Kuzungulira kumadya mafuta. Tinangothamanga pa dothi lija, kugwedezeka, mano kugundana, kenako kugwedezeka kunatha ndipo mitengo inali pansi pathu, pafupi kwambiri, moti ndinkaona nthambi imodziimodzi. Ndinayang'ana kumbuyo kamodzi. Ndinaona migolo iwiri ndi anthu atazungulira, sindinathe kusiyanitsa kuti achimwene ndi ati.

Tinkakwera pang'onopang'ono tikupita. Pansi panali midzi yopanda madenga, minda yomera tchire, njira zopanda munthu. Paliponse pamene panali mitengo yothithikana ndinkaganiza kuti pali munthu akutiloza ndi mfuti, ndinkakumbatira mwana ngati manja anga angaletse chipolopolo. Titakwera ndithu, woyendetsa anakoka kachitsulo kofiira pang'onopang'ono, akumvetsera, mpaka kulira kwa motoro kunasintha, n'kukabwezera pang'ono. Anandiyang'ana n'kupanga chizindikiro cha kutsina ndi zala: tikudya pang'ono. Anandilozera timawotchi tiwiri tosonyeza mafuta a m'mapiko. Ka kumanzere muvi wake unali utagona kale pafupi ndi mzere wofiira. Ka kumanja unali utadzuka pang'ono chabe.

Kuyambira pamenepo maso anga anali pawiri basi, pa kamuvi kaja ndi pa chifuwa cha mwana. Kamuvi, chifuwa. Kamuvi, chifuwa. Ankapuma mofulumira ngati kankhuku, milomo itang'ambika, maso otseka theka.

Kutsogolo kunaima mtambo wakuda, mvula ikulendewera pansi pake ngati nsalu. Woyendetsa anauyang'ana, anayang'ana timawotchi, anapukusa mutu, n'kupatukira kumanja kuti auzungulire. Ine m'mtima ndinkati pyola pomwepo, bambo iwe, pyola, mafuta akutha. Ndege inkagwa m'maenje osaoneka n'kudzukanso.

Kamuvi ka kumanzere kanafika pa mzere wofiira n'kusiya kugwedezeka. Dzanja lake linatsika n'kukhala pa kachitsulo kapansi kaja, osatembenuza, kungokhala. Tinapita choncho nthawi imene sindingaiyeze. Ndinayamba kuganiza kuti mwina kawotchiko n'konama, mwina mafuta alipo ambiri.

Ndiye motoro unatsokomola. Kamodzi, n'kulira bwino, kenako kawiri motsatizana, ndege kugwedezeka ngati ng'ombe yotsamwa, kenako zii.

Anali atandiuza, inde. Koma sanandiuze za kachetechete ameneyo. Chopukusa chakutsogolo chinkazungulirabe, koma chopanda mawu, ndinkangomva mphepo ikuimba m'mazenera, ndi kupuma kwa mwana, kumene sindinakumve chinyamukire. Mphuno ya ndege inaweramira pansi, mapiri anadzaza galasi lonse, miyala yake, mitengo yake, chigwa chopanda ngakhale kamunda koti n'kuterapo. Dzanja lake linatembenuza kachitsulo, linakwera n'kudina kena, china chake chinayamba kulira ngati udzudzu. Motoro osayankha. Dzanja langa linanyamuka lokha kupita pamkono pake, ndinaliona likupita, ndinalibweza n'kuliika m'kamwa, ndinaluma. Ndinkati Ambuye, ndawapereka achimwene kuti tidzafere pa miyala iyi? Iye ankangoyankhula motsitsa ndi ndege yake, ngati munthu wonyengerera mbuzi kuti ilowe m'khola, maso pa timawotchi, dzanja likukankha kofiira kaja pang'ono.

Unatsokomola. Unatsokomolanso. Kenako unagwira, kubangula, ndege kudzutsa mutu, mapiri kubwerera pansi pomwe amakhala.

Anapukuta nkhope ndi mkono wa malaya, anandiyang'ana, anaona magazi pa chala changa. Sanaseke. Anangoloza kamuvi ka kumanja, n'kuloza kutsogolo. Kutali kunkanyezimira madzi ambiri pakati pa mapiri, nyanja ya damu lalikulu la ku Songo.

Tsopano kunalibenso mbali ina yotembenukira. Kamuvi kamodzi kokha, ndipo nakonso kankatsika ndikukaona. Tinadutsa pamwamba pa madzi, ine osafuna kuyang'ana pansi. Iye sanatsike msanga ngati mmene ndinkafunira. Anakhala pamwamba mpaka pista ya ku Songo inaoneka pansi pathu penipeni, pamwamba pa phiri, kenako anachepetsa motoro n'kuyamba kutsika mozungulira, kuti ngakhale uzime tsopano tikafikebe. Phiko likapendekera kumanja ndinkaopa kuti otsalawo atayika. Nyumba zinakula, mitengo inakula, kenako matayala anagunda, kulira, kugundanso, n'kuyamba kuthamanga pansi.

Ndege inaima. Woyendetsa anandimasula lamba n'kunditengera mwana, n'kumupereka kwa anthu a galimoto ya chipatala imene anaiitanitsa pa wailesi tili m'mwamba. Sindinamuthokoze. Ndinkathamangira mwana, ndipo pamene ndinakumbuka, galimoto inali itanyamuka. Sindinamuonenso.

Ku chipatala anamulowetsa m'chipinda chimene ine anandiletsa. Ndinakhala pakhonde ndilibe poto, ndilibe ufa, ndilibe wodziwana naye. Amayi ena odikirira odwala awo, Anyungwe, ankandigawira chakudya, ine Chinyungwe chawo ndikungotolamo mawu apa ndi apo. Masiku oyamba madokotala sankandiyang'ana kumaso akamatuluka. Kenako kutentha kunayamba kutsika, fungo linatha, anandilola kugona pansi pafupi ndi bedi lake. Anandiuza kuti mkonowo sudzatambasuka wonse, ndipo sunatambasukedi, koma moyo akhala nawo.

Patapita masabata, ndege ina inabweretsa mayi wa ku vila kwathu amene mimba inamuvuta. Womudikirira anali mayi uja wa ku Malowera. Anandipeza ndikumwetsa mwana phala, tsiku loyamba limene analandira supuni osalavula. Anakhala pansi, anafunsa za mwana, anayamikira Mulungu, anayamba kukamba za mvula. Ndinamudula.

"Achimwene?"

Anayang'ana kukhomo kaye.

"Anawakwapula pa pista pomwepo, anthu onse akuona. Sanalire, amwali, ngakhale pang'ono. Kenako anawatenga ndi asilikali opita kukatsegula msewu, akuti aziyenda patsogolo, pa mabomba okwirira paja."

"Ndi manja amene aja?"

"Ndi manja omwewo."

"Anabwerako?"

"Asilikali ena anabwerako. Iwo sitinawaone. Ena akuti anathawira ku Zambia, ena akunena zina. Ine sindikudziwa, ndisakunamizeni."

Ndinakhala supuni ili m'mwamba, phala likudontha pa nsalu ya chipatala. Ndinkafuna kufunsa ngati ananenapo kanthu za ine, koma ndinkaopa yankho lililonse limene akanandipatsa. Mwana anadikira, anadikira, kenako anatambasula dzanja lake labwinolo, anagwira chala changa n'kukokera supuni kukamwa kwake. Ndinamupatsa. Anameza, n'kuyasamulanso.